Masilaidi akamakana kufanana: kumene vuto limabisala mu PowerPoint

Tsiku lina chakumadzulo, msonkhano uli mawa lake m'mawa, mnzanga wa kuntchito anabwera pa desiki yanga atanyamula fulashi. "Achimwene, tandionereni izi, zandikwana," anatero. Mu fulashimo munali fayilo ya PowerPoint ya masilaidi 42 imene anaisonkhanitsa kuchokera kwa anthu asanu. Wa zachuma anatumiza ake, woyenda m'midzi ake, abwana nawo anaponyamo atatu amene anawatenga mu fayilo ya chaka chatha. Ndinaitsegula n'kuyamba kudina Page Down mofulumira. Mutu wa silaidi unkadumpha ngati chiwala: apa uli pamwamba kumanzere, apo watsika pang'ono, kwina wathawira pakati. Zilembo pena zonenepa, pena zowonda. Buluu analipo wa mitundu itatu. Nambala ya tsamba inkaoneka pa silaidi 7, n'kusowa kuyambira pa 8 mpaka 15, n'kudzatulukira pa 16 itakhala pakona ina.

Mnzangayo anali atatha maola awiri akukoka mabokosi ndi mausi, silaidi imodziimodzi, kuyesa kuwalinganiza ndi diso. Akakonza apa, apo pankasokonekera. Chimene chimandipweteka pa vutoli n'chakuti limadya nthawi ya anthu akhama, amene akufunadi kuti ntchito yawo ioneke bwino, kungoti akulimbana nalo pamalo olakwika.

Aliyense amene anaumbapo njerwa amadziwa kuti zikamatuluka zopindika sukhala pansi n'kumazisema imodziimodzi ndi chikwanje. Umayang'ana chikombole. PowerPoint nayo ili ndi chikombole chake, dzina lake Slide Master, ndipo mumachipeza podina View kenako Slide Master. Kumanzere mudzaona chithunzi chimodzi chachikulu pamwamba, ndi tina ting'onoting'ono tolendewera pansi pake. Chachikulucho ndiye master, mwini wa zonse: fonti, kukula kwa zilembo, mitundu, malo a mutu. Ting'onoting'onoto ndi ma layout, ndipo fayilo yatsopano imabwera nawo 11, monga Title Slide, Title and Content, Two Content, Title Only ndi Blank. Silaidi iliyonse inaumbidwa pa layout imodzi, ndipo layout imatengera kwa master. Mukasintha kanthu pamwamba, kamatsika mpaka kufika pa silaidi iliyonse yomvera.

Pa liwu lakuti "yomvera" ndi pamene pagona nkhani. Silaidi imasiya kumvera wina akaisintha pamanja, kapena akalemba mu bokosi lojambula yekha m'malo mwa bokosi limene silaidiyo inabadwa nalo, kapenanso ikabwera kuchokera ku fayilo ina itanyamula chikombole chakechake. Chotsala ndi nkhani ya kompyuta imene mukukaonetserapo, ndipo tifikako.

Musanakonze, pezani kaye wosamvera

Sungani kaye kope lina la fayiloyo pa dzina lina. Zina mwa zimene tichite pano zimasintha masilaidi ambiri nthawi imodzi, ndipo Ctrl+Z, yobwezera zimene mwangochita, ili ndi polekezera.

Kenako dinani View, Outline View. Kumanzere kudzaoneka mawu a masilaidi anu popanda zithunzi. Chinsinsi chake n'chakuti Outline View imaonetsa mawu okhawo amene ali m'mabokosi obadwa nawo, aja amene akakhala opanda kanthu amalembedwa kuti Click to add title kapena Click to add text. PowerPoint imawatcha ma placeholder. Mawu olembedwa mu Text Box wamba saoneka m'menemo. Ndiye mukaona silaidi 12 ili ndi mutu waukulu bwinobwino pa sikirini koma mu Outline View mzere wake uli mbee, dziwani kuti mutuwo ndi wongojambula, ndipo master saudziwa n'komwe. Mungasinthe chilichonse mu Slide Master, mutu umenewo sugwedezeka. Mu fayilo ya mnzanga ija, masilaidi 17 anali otero. Lembani manambala awo papepala.

Mukatero pitani pa View, Slide Sorter, muone masilaidi onse atayalidwa pamodzi. Amene ali ndi mtundu wina wa kumbuyo kapena logo yakale amadzionetsa okha.

Mutu ukamadumpha

Ngati mutu uli mu bokosi lake lenileni koma wina analikoka kapena kulikulitsa, mankhwala ake ndi batani limene anthu ambiri amalidutsa tsiku ndi tsiku osaliona: Reset, pa Home, pafupi ndi New Slide ndi Layout. Limabweza mabokosi obadwa nawo pamalo awo, pa kukula kwawo ndi pa maonekedwe amene layout inawapatsa. Ngakhale bokosi la mutu limene wina analifufuta limabwerera. Mukhoza kusankha masilaidi onse kumanzere ndi Ctrl+A n'kudina Reset kamodzi, koma ine sinditero pa fayilo ya eni. Ndimapita asanuasanu ndikuyang'ana, chifukwa batanili silisankha. Mawu amene munthu anawapaka zofiira dala, kapena bokosi limene analichepetsa kuti chithunzi chikwane pambali, zonse zimabwerera pachiyambi. Ngati bokosi lochepetsedwalo linali lofunikadi, ndiye kuti silaidiyo inali pa layout yolakwika kuyambira kale. Ipatseni Two Content. Ngati palibe layout yokuyenerani, pangani yanu mu Slide Master ndi Insert Layout, muikemo mabokosi ndi Insert Placeholder, muitchule dzina lomveka.

Ngati mutu ndi wongojambula, palibe njira yachidule. Dinani Layout, sankhani Title Only kapena Title and Content, bokosi lenileni la mutu lionekera lopanda kanthu. Dulani mawu mu bokosi labodza lija, muwamate m'lenilenilo posankha Keep Text Only, n'kufufuta labodzalo. Ndi ntchito yotopetsa, sindibisa. Masilaidi 17 aja anatitengera pafupifupi theka la ola. Koma pambuyo pake abwana atanena kuti mitu ichepe pang'ono, tinasintha pamalo amodzi basi.

Nthawi zina mwachita zonsezi koma mutu ukudumphabe pang'ono mukachoka pa silaidi ya Title and Content kupita pa ya Two Content. Apa wolakwa ndi layout yeniyeniyo: wina anakoka mutu mkati mwa Slide Master pa layout imodzi yokha. Musadalire diso. Dinani bokosilo ndi batani lakumanja la mausi, Format Shape, Size & Properties, muwerenge manambala a Size ndi a Position. Manambalawo akhale ofanana pa ma layout onse a mawu. Title Slide ndi Section Header zisiyeni, zimenezo zinapangidwa dala kuti zisiyane.

Zilembo zikamachepa zokha

Ili ndi vuto limene limasokoneza anthu kwambiri chifukwa palibe amene anachita kanthu. Silaidi 5 mawu ake ndi akuluakulu, silaidi 6 achepa, silaidi 9 achepa kwambiri, koma onse ali mu bokosi lobadwa nalo ndipo Reset sikusintha chilichonse. Wochita zimenezi ndi AutoFit. Mu theme wamba ya Office (theme ndi gulu la mafonti ndi mitundu imene fayilo imatsatira) zilembo za mutu zimayambira pa saizi 44 ndipo za mawu wamba pa 28, koma mawu akachuluka kuposa bokosi, PowerPoint imawafinya mwakachetechete kuti akwane. Silaidi iliyonse imafinyidwa molingana ndi kuchuluka kwa mawu ake, n'chifukwa chake sizifanana.

Kwa ife olemba Chichewa vutoli limakula. Masilaidi ambiri amayamba m'Chingerezi kenako n'kumasuliridwa kuti akaonetsedwe kwa anthu a kumudzi, kutchalitchi kapena kwa makolo pasukulu. Pamene panali liwu limodzi lakuti Challenges ife timalemba "Mavuto amene tikukumana nawo". Liwu ngati "sitinawafotokozerenso" likafika kumapeto kwa mzere limagwera lonse pamzere wotsatira n'kusiya mpata waukulu. Mizere inayi ya Chingerezi imasanduka isanu ndi iwiri, AutoFit n'kuyamba ntchito yake.

Pa silaidi imodzi, mukadina mkati mwa mawuwo mudzaona kachizindikiro kakang'ono pakona ya pansi kumanzere kwa bokosi. Kadineni. Muli Stop Fitting Text to This Placeholder, mulinso Split Text Between Two Slides, imene imagawa mawuwo pa masilaidi awiri. Kuti vutoli lithe pa fayilo yonse, pitani mu Slide Master, sankhani bokosi la mawu pa master, Format Shape, Text Options, Text Box, musankhe Do not Autofit. Muonenso ma layout ngati atengera, kenako Reset pa masilaidi. Ngati mukufuna kuti kompyuta yanu isiyiretu khalidweli pamene mukulemba, zili pa File, Options, Proofing, AutoCorrect Options, AutoFormat As You Type. Pali timabokosi tiwiri ta AutoFit, ka mutu ndi ka mawu wamba.

Mukazimitsa AutoFit mudzaona mawu akusefukira pansi pa bokosi pa masilaidi ena, ndipo mtima udzafuna kuibwezeretsa. Musatero. Kusefukirako kukukuuzani zoona: silaidiyo yanyamula katundu wopitirira muyeso. Chepetsani mawu kapena muigawe pawiri. Ine sinditsika pansi pa 20 pa mawu oti anthu awerenge mu holo, chifukwa ndimaganizira mayi wachikulire amene wakhala pa benchi yakumbuyo, dzuwa likulowa pa windo, khoma limene tikuonetserapo silili loyera kwenikweni. Iyeyo sanabwere kudzayesedwa maso.

Chinanso chaching'ono pomwepa: anthu amakankha mawu ndi batani la Space kapena kudina Enter kangapo kuti atsike. Fonti ikangosintha, zonsezo zimabalalika. Kuti mfundo ilowe mkati gwiritsani ntchito Tab, ndipo mpata wa pakati pa ndime muukonze pa master, pa Line Spacing Options. Mukafuna kuthyola mzere popanda kuyamba mfundo yatsopano, ndi Shift+Enter.

Mafonti: nkhani ili pawiri

Pali fonti imene munthu anaisankha pamanja, ndiye pali fonti imene kompyuta yaisowa n'kuikapo ina m'malo mwake. Pa sikirini zimaoneka ngati vuto limodzi koma mankhwala ake ndi osiyana.

Fayilo iliyonse ili ndi mafonti awiri a theme, ina ya mitu, ina ya mawu wamba. Mukatsegula mndandanda wa mafonti pa Home, awiriwa amakhala pamwamba penipeni pansi pa Theme Fonts, ina yolembedwa Headings pambali, ina Body. Mawu amene akugwiritsa ntchito awiriwa amasintha okha theme ikasintha. Koma munthu akatsika mu mndandandawo n'kusankha Arial ndi dzanja, mawuwo amamatirira ku Arial. Lero sizioneka ngati theme nayo ili ya Arial, koma mawa mukaisintha, mawu amenewo atsalira okha. Choncho sankhani mafonti anu awiri kamodzi, mu Slide Master, pa Fonts, Customize Fonts. Mawu osamvera muwasankhe n'kudina Ctrl ndi Space pamodzi. Zimenezi zimachotsa zonse zimene dzanja linawonjezera pa zilembozo.

Pali chida china chothandiza usiku ngati uja: pa Home, kamuvi ka pambali pa Replace, Replace Fonts. Mndandanda wake wapamwamba umakuonetsani mafonti onse amene ali mu fayilo. Ife tinapezamo asanu ndi awiri. Mumasankha yosafunika, n'kusankha yolowa m'malo mwake, fayilo yonse n'kusintha nthawi imodzi. Dziwani chabe kuti mawu amene ali mkati mwa chithunzi, monga tebulo limene wina analijambula pa sikirini n'kulimata, sakhudzidwa. Amenewo ndi olembanso.

Mbali yachiwiri ndi imene imakugwirani mutafika kale pa holo. Kuyambira Office 2007 fonti yoyambira inali Calibri. Mu 2023 Microsoft inayamba kuika Aptos m'malo mwake kwa ogwiritsa ntchito Microsoft 365. Ndiye munthu amapanga masilaidi pa laputopu yatsopano, onse mu Aptos osadziwa n'komwe, n'kukawatsegula pa laputopu ya pa holo imene ili ndi Office 2013 kapena 2016. Aptos mulibemo. PowerPoint imaikapo fonti ina, zilembo n'kusintha m'lifupi, mizere n'kuthyokera pena, mutu wa mzere umodzi n'kukhala wa mizere iwiri. Chosokoneza n'chakuti mukadina mawuwo, bokosi la fonti limalembabe kuti Aptos, chonsecho chimene mukuona si Aptos. Zomwezo zimachitika ndi mafonti okongola amene mwana wa achimwene anakutsitsirani pa intaneti.

Njira yosavuta ndi kusankha mafonti amene amapezeka pa kompyuta iliyonse ya Windows: Arial, Calibri, Verdana, Tahoma, Georgia. Ngati bungwe lanu lili ndi fonti yakeyake, inyamuleni mkati mwa fayilo: File, Options, Save, Embed fonts in the file. Pali kusankha kuwiri, kunyamula zilembo zokhazo zimene mwagwiritsa ntchito kapena kunyamula zonse. Ngati wina adzasinthe mawu pa kompyuta ina, nyamulani zonse, ngakhale fayilo imalemerako. Mafonti ena eni ake salola kuti anyamulidwe chotere, ndipo PowerPoint imakuuzani posunga.

Tili ndi tinthu tiwiri tathutathu pa nkhani ya zilembo. Amene mumalemba ŵ, monga mu "Malaŵi", yang'anitsitsani chilembo chimenecho pa mitu. Arial, Calibri ndi Times New Roman ali nacho, koma mafonti ambiri okongoletsera alibe, ndiye kompyuta imabwereka ŵ ku fonti ina. Pakati pa liwu pamaoneka chilembo chimodzi chachilendo, chowonda kapena chachifupi kuposa zinzake. Musanakonde fonti, lembani kaye "Malaŵi" muone. Kachiwiri ndi kachizindikiro ka mu "ng'ombe", "m'mawa" ndi "n'chifukwa". Mukalemba mu PowerPoint kamatuluka kopindika, koma mawu okopedwa ku WhatsApp kapena ku imelo kawirikawiri amabwera ndi kowongoka. M'Chingerezi sizioneka kwambiri, koma Chichewa chili ndi tizizindikiro timeneti pafupifupi pamzere uliwonse, ndipo pa zilembo za 44 kusiyanako kumaonekeratu. Kopani kopindika kamodzi, dinani Ctrl+H, muike kowongoka pamwamba, kopindika pansi, Replace All. Za mizere yofiira imene imadzaza pansi pa mawu a Chichewa musade nkhawa, sionekera mukayamba kuonetsa.

Masilaidi obwera ndi chikombole chawo

Apa ndi pamene fayilo ya anthu asanu imasokonekera kwenikweni. Mukakopa silaidi ku fayilo ina n'kuimata mu yanu, pamaoneka kachizindikiro ka Paste Options. Use Destination Theme imaveka silaidiyo zovala za fayilo yanu. Keep Source Formatting imaisiya mmene inalili, ndipo kuti itero imabweretsa master wake yense pamodzi ndi ma layout ake. Anthu ambiri amasankha yachiwiriyi chifukwa silaidi imaoneka bwino nthawi yomweyo. Koma ndiye kuti fayilo yanu tsopano ili ndi zikombole ziwiri. Mukachita kasanu, zisanu ndi chimodzi.

Tsegulani Slide Master mutsike kumanzere mpaka pansi. Mukaona zithunzi zazikulu zingapo, zina ndi mayina ngati 1_Office Theme kapena 2_Office Theme, mwapeza chifukwa chimene kusintha kwanu kumafika pa masilaidi ena okha. Sankhani master mmodzi amene akhale mwini fayilo. Tsekani Slide Master, musankhe masilaidi achilendo, dinani Layout. Mndandandawo umaonetsa ma layout m'magulu, gulu lililonse pansi pa dzina la master wake. Sankhani layout ya m'gulu la mwini fayilo, kenako Reset. Mukamaliza bwererani mu Slide Master muike mausi pamwamba pa layout iliyonse osadina. Kamalembedwa kamatuluka konena masilaidi amene akuigwiritsa ntchito. Ikakhala kuti palibe, ifufuteni, ndipo ma layout onse a master wachilendo akapanda ntchito, mufufutenso masteryo. Ngati ma master amenewo anali ndi zithunzi zakumbuyo, mudzaona fayilo itapepuka, chinthu chabwino kwa amene aziitsitsa ndi bandulo ya pa foni.

Ngakhale Use Destination Theme nthawi zina imasiya zinyalala. Ikapeza kuti layout ya silaidi yobwerayo ilibe inzake mu fayilo yanu, imaiwonjezera pansi pa master wanu ndi nambala kutsogolo, monga 1_Title and Content. Muichitenso chimodzimodzi: samutsani silaidi, fufutani layout.

Mitundu, manambala ndi logo

Buluu wa mitundu itatu uja amachokera pa chinthu chofanana ndi cha mafonti. Mukatsegula mitundu, gawo lapamwamba ndi Theme Colors, la pansi ndi Standard Colors. Lapamwambalo limamvera theme, la pansilo ayi. Theme ili ndi mitundu isanu ndi umodzi ya Accent, imene matebulo, ma chart ndi mabokosi amatengako. Ikani mitundu ya bungwe lanu pamenepo, mu Slide Master pa Colors, Customize Colors, polemba manambala ake a RGB (osonyeza kuchuluka kwa kufiira, kubiriwira ndi buluu mu mtunduwo), ndipo muuze anzanu kuti azisankha m'gawo lapamwamba lokha. Chart yochokera ku Excel muimate posankha njira ya Use Destination Theme, apo ayi ibwera ndi mitundu ya kwawo.

Pa mabokosi ndi mivi imene ilibe placeholder, konzani limodzi mmene mukufunira, lidineni ndi batani lakumanja, Set as Default Shape kapena Set as Default Text Box. Atsopano onse azituluka otero. Akalewo apakeni ndi Format Painter. Mukadina kaburashi kaja kawiri motsatizana kamakhalabe m'manja mpaka mutadina Esc, ndiye mumapaka mabokosi ambiri osabwerera. Zithunzi zimene zikufunika kukhala pamalo amodzi pa masilaidi angapo, musaziike mwatsopano: kopani silaidi ndi Ctrl+D, dinani chithunzicho ndi batani lakumanja, Change Picture. Alt+F9 imaonetsa mizere yolinganizira.

Manambala a masamba akamasowa, yambani ndi Insert, Header & Footer, chongani Slide number, Apply to All. Akasowabe pa masilaidi ena, ndiye kuti layout yawo ilibe bokosi la nambala. Mu Slide Master dinani layout imeneyo muchonge Footers. Ngati master yemweyo alibe, dinani master, Master Layout, muchonge Slide number. Mukatero bwerezani Apply to All. Nambala imene wina anailemba pamanja mu Text Box muifufute, chifukwa mukasuntha silaidi imanama.

Logo ikhale pa master, kamodzi. Mukaimata pa silaidi iliyonse idzavina ngati mmene mutu umavinira. Ikasowa pa layout ina, onani ngati pa layout imeneyo wina anachonga Hide Background Graphics.

Kukula kwa silaidi

Masilaidi atatu a abwana aja anali ndi vuto lina: zithunzi zawo zinali zitasonkhana pakati, m'mbali muli mpata. Anachokera mu fayilo ya 4:3, ya masilaidi osatambalala kwenikweni. Mpaka pa PowerPoint 2010 silaidi yoyambira inali ya 4:3, ndipo kuyambira pa PowerPoint 2013 inakhala yotambalala, ya 16:9. Fayilo imodzi imakhala ndi kukula kumodzi kokha, ndiye silaidi yakale ikalowa mu fayilo yatsopano mabokosi obadwa nawo amatambalala, koma zojambula pamanja sizidzaza malo mofanana. Zimenezo ndi zosuntha ndi dzanja, ndipo pokulitsa chithunzi kokani pakona, osati m'mbali, kuti nkhope za anthu zisaphwatalale.

Funsani msanga za pulojekita ya kumene mukupita. Zakale zambiri ndi za 4:3, ndipo masilaidi a 16:9 amaoneka ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi, zilembo n'kuchepa. Mukasankha kusintha, zili pa Design, Slide Size. PowerPoint idzakufunsani pakati pa Maximize ndi Ensure Fit. Sankhani Ensure Fit kuti kanthu kasadulidwe, kenako muone logo ndi chithunzi chakumbuyo pa master, chifukwa zimenezi zimatha kukokeka. Chitani izi pa kope lina la fayilo, osati m'mawa wa msonkhano.

Ngati simuli pa PowerPoint

Maganizo ake ndi omwewo, mayina okha ndiwo asintha. Mu Google Slides chikombole chili pa Slide, Edit theme, ndipo layout mumaisintha pa Slide, Apply layout. Pobweretsa masilaidi ndi File, Import slides, chotsani chongi pa Keep original theme. Ctrl+Shift+V imamata mawu opanda zovala zawo. Samalani ndi mafonti ngati Montserrat kapena Lato: mu Google Slides amaoneka bwino, koma mukatsitsa fayilo ngati .pptx n'kuitsegula pa kompyuta imene ilibe mafontiwo, abwera ena. Mu LibreOffice Impress pitani pa View, Master Slide, ndipo zowonjezera pamanja mumazichotsa ndi Format, Clear Direct Formatting. Ngati kompyuta yanu ilibe Calibri, fonti ya Carlito inapangidwa kuti zilembo zake zikhale ndi m'lifupi mofanana ndi za Calibri, choncho mizere sithyokera pena.

Chimene ndimaletsa anzanga ndi kupititsa fayilo imodzi m'mapulogalamu atatu: wayamba pa PowerPoint, wakonza pa foni ali mu minibasi, wina wamalizitsa mu Google Slides. Pa kusamuka kulikonse kanthu kamasintha pang'ono, mpata wa mizere kapena fonti. Mawu mukhoza kulemba paliponse, koma kulinganiza komaliza kuchitike mu pulogalamu imene mukaonetsere.

Ulendo wotsatira

Fayilo ija itayera, tinafufutamo masilaidi onse n'kusiya chikombole chokha, ndi silaidi imodzi yachitsanzo pa layout iliyonse, n'kuisunga ndi Save As ngati PowerPoint Template, ya .potx. Msonkhano wotsatira usanafike mnzanga anaitumiza kwa anthu asanu aja asanayambe kulemba, ndi uthenga waufupi: lembani m'mabokosi amene alipo, musasinthe fonti, mawu akapanda kukwana yambani silaidi ina. Mmodzi anatumizabe zakezake, koma kukonza masilaidi a munthu mmodzi kunatenga mphindi zochepa.

Pa tsiku lenilenilo nyamulani mafayilo awiri pa fulashi, ya .pptx ndi ya PDF. PDF imasunga maonekedwe mmene munawasiyira, kungoti zoyendayenda ndi mavidiyo sizigwira. Fikani anthu asanadzaze, mulumikize pulojekita, mutsegule fayilo pa laputopu imene igwiritsidwe ntchito. Pemphani wina azidina Page Down mofulumira inu mutaima kumbuyo kwa holo, maso pa mutu ndi pa nambala ya tsamba. Muime pa silaidi ya mawu ambiri ndi pa ya tebulo lalikulu, chifukwa fonti ikasowa ndi pamenepo pamayamba kusefukira. Mukaona mizere yathyoka ndipo nthawi yatha, tsekani PowerPoint, mutsegule PDF ija mu Adobe Acrobat Reader, mudine Ctrl+L kuti idzaze sikirini yonse.